Masiku Omwe Ndinakhala Pansi pa Ngalande ku Mbayani

Inu ana anga, Esinati ndi Yohane, ndi zidzukulu zomwe zidzawerenge izi ine kulibe: za ubwana wanga sindilembapo, mukafunse azakhali anu, amazikometsera kuposa ine. Ine ndikufuna kulemba za ntchito, makamaka za chomwe chinatichotsa m'nyumba ya kampani ku Nyambadwe n'kutibweretsa kuno ku Chigumula. Nkhaniyi mwakhala mukuimva kwa achibale, ndipo aliyense amaimaliza chimodzimodzi, akuti mayi wanu anataya bomwetamweta chifukwa cha makani. Makaniwo sindikuwakana, ndinali nawo ndipo ndikadali nawo. Koma lero imvani kwa mwini wake.

Limbe, chaka chomwe ndinalembedwa ntchito

Ndinalowa ntchito pakampani ina yoyala mapaipi a madzi ndi a zonyansa, ndili mtsikana wongotuluka kumene kusukulu ya zomangamanga. Dzina la kampaniyo sindilitchula, ena mwa eni ake akadali moyo ndipo timakumana pamaliro. Anandipereka m'manja mwa bambo Magombo, omwe ankayendera ngalande zonse zomwe kampani inkakumba n'kunena ngati anthu angalowemo kapena ayi. Anali bambo wamfupi, wotsimphina mwendo wamanzere. Tsiku loyamba lomwelo anandiuza kuti mwendowo unathyoka khoma la ngalande litawagwera ali mnyamata, ndipo mnzawo yemwe anali naye limodzi sanatuluke wamoyo. Atatero anandiimika m'mphepete mwa ngalande ina kuseri kwa masitolo a ku Limbe n'kundifunsa chomwe ndikuona. Ine ndinati ndikuona dzenje lalitali. Anaseka mpaka kutsokomola. "Dzenje aliyense akuliona, mwana wanga, ngakhale mbuzi. Iwe uziona mng'alu uwo wayamba m'mbalimo. Uziona mulu wa dothi uwo aunjika pakamwa penipeni pa ngalande ngati alibe kwina kotaya. Uziona madzi awo akuchucha pakhoma. Ndiponso usamaganize kuti munthu amafa pokhapokha phiri likamugwera. Dothi longofika pachifuwa limakwana, akatulutsa mpweya silimulolanso kukoka wina." Ntchito yanga yonse ya zaka zotsatira inali m'mawu amenewo. Ngalande ikazama kupitirira munthu, makoma ake atchingidwe ndi matabwa, matabwawo agwidwe ndi mitengo yopingasa, makwerero akhale pafupi, ndipo dothi lokumbidwa litayidwe patali.

Nthawi imeneyo akazi tinali tisanaloledwe kuvala mabuluku, ndiye ganizirani nokha, ine pamakwerero ndi diresi, chitenje ndamanga ngati ndikupita kudimba, kumapazi majombo aamuna omwe ndinkapakiramo nyuzipepala kuti asavuke. Okumba ena ankaimba malikhweru. Ndinkawayankha kuti aziyang'ana khoma lomwe lingawaphe, miyendo yanga siinaphepo munthu. Amenewo sanandivute nthawi yaitali. Amene anandiimitsa mutu anali anthu aulemu kwambiri pakampani yonse.

Gulu lomwe kampani inkalidalira pokumba malo ovuta linali la Che Saidi, bambo wamtali, wolankhula motsitsa, Msilamu wochokera cha ku Chiradzulu. Anthu ake anali osakanikirana, Asilamu ndi Akhristu, koma onse kumudzi kwawo anali okumba manda, ndipo piki ankaigwira mwaluso lomwe sindinalionenso kwina. Khoma akalisema linkaoneka ngati apaka pulasitala. Tsiku lomwe ndinaika phazi pamakwerero a ngalande yawo, onse anasiya zida, n'kutuluka mwakachetechete, n'kukakhala pansi pa mtengo. Ndinapsa mtima, ndinkayesa ndi chipongwe. Che Saidi anabwera chipewa chili m'manja. "Amayi, musatione ngati amwano. Dzenje lopitirira munthu ndi m'bale wake wa manda, ndipo kwathu mkazi satsikamo. Akatsikamo, ife tsiku limenelo sitilowamonso mpaka kutacha." Ndinawauza kuti ine zimenezo sindizikhulupirira, ndiponso ngalande ya zonyansa si manda. Iwo anati sakundikakamiza kukhulupirira, akungondiuza zomwe anthu awo achite. Bambo Magombo ndi amene anatigwirizanitsa. Masana ndinkayendera ngalande za Che Saidi ndili pamwamba, madzulo iwo akaweruka ndinkatsika ndi tochi kukaona pansi, ndipo kukacha iwo ankalowa mtima uli m'malo. Mwambowo sunasiye kundinyansa, koma tinagwira choncho zaka zambiri popanda kukangana.

M'tauni ndi ku Nyambadwe, zaka za pakati

Bambo Magombo atapuma, udindo wawo unagwera ine, ndipo udindowo unkabwera ndi nyumba. Iwe Esinati unali utangoyamba sukulu, Yohane ali kumsana. Nyumba ya zipinda zitatu, madzi m'nyumba momwemo, kuseri mtengo wa mapeyala. Ife amene tinazolowera lendi ya ku Ndirande, chimbudzi chimodzi mabanja mbwee, masiku oyamba tinkayenda monyang'ama ngati eni ake abwera kudzatitulutsa. Bambo anu anadwalira ndi kumwalirira m'nyumba imeneyo. Atapita, achibale anatenga zomwe anatenga, koma nyumba sakanaigwira poti inali ya kampani, ndipo ndi yomwe inandichirikiza kuti ndisagwe. Zina zonse zinkavuta, koma pogona panu sindinkadandaula napo. Ndikulemba izi kuti musaganize kuti nyumbayo ndinkaiona mopepuka.

Ntchito ya m'tauni inali ndi mavuto akeake. Ukukumba m'mbali mwa msewu, pansi pali mawaya a magetsi omwe palibe akukumbukira amene anawaika, pamwamba basi ikudutsa ngalande yonse n'kunjenjemera, anthu oyenda pansi akusuzumira ngati muli golide. Zipangizo sizinkakwana chaka chilichonse. Zisoti zinali zochepa moti alendo akamabwera kudzaona ntchito, kapitawo ankazithamangitsa pa wilibala kuchoka ngalande iyi kupita inayo. Koma nkhondo yanga yaikulu inali ya matabwa. Lero watchinga khoma bwinobwino, mawa ukupeza mitengo yopingasa yasowa, matabwa ena apita. Ndinayamba kuwapaka utoto wofiira m'mphepete. Tsiku lina ndikudya tchipisi pachiwaya cha ku Limbe, ndinangoona benchi yomwe ndakhalira ili ndi utoto wanga. Ndinamaliza tchipisi changa bwinobwino, ndinalipira, kenako ndinasenza benchiyo pamutu mwini wake akukuwa m'mbuyo. Ndinamuuza kuti akandipeze kupolisi, akafotokozenso komwe anagula thabwalo. Sanabwere.

Okumba anandipatsa dzina lakuti Mayi Tulukani, poti ndiwo mawu omwe ankawamva kwa ine kawirikawiri. Silinkandipweteka, ndinkayankha akandiitana nalo. Mabwana ankabwera n'kupita. Ena ankandiopa, ena ankandipirira, mmodzi ankandibisira komwe akukumba ngati mwana wobisa bala. Ndinkakangana nawo onse, koma pomaliza matabwa ankabwera. Kenako kunabwera bwana Kadzuwa, injiniya wachinyamata, wophunzira bwino, wa nsapato zowala. Ameneyo sankakalipa ayi. Ankakupatsa mpando, kukufunsa za ana, n'kukupweteka akumwetulira. Ntchito ankaidziwa, zimenezo sindingamunamizire, koma ntchito yanga ankaitcha zochedwetsa.

Mbayani, Novembala wa chaka chosowa mafuta

Chaka chimenecho mukuchikumbukira, magalimoto ankagona pamizere kudikira mafuta, ife tonse tikuyenda wapansi. Kampani inapeza ntchito yoyala paipi yaikulu ya zonyansa kudutsa m'kati mwa Mbayani, kutsetserekera kumtsinje. Malo oipa ngati amenewo sindinawaonepo. Njira yake yopapatiza, uku nyumba, uku mabenchi a amayi ogulitsa tomato ndi makala. Dothi lake linali lothira, phulusa, mapulasitiki, zidutswa za njerwa, maenje akale a zinyalala. Ngalande inazama mpaka munthu ataimika mkono sankafika pamwamba. Matabwa omwe tinali nawo anakwana chigawo chakumtunda chokha, otsala anali kutali kochekera, lole yokawatenga ilibe dizilo. Kumwamba nako mitambo inali itayamba kusonkhana masana aliwonse.

Ndinalamula kuti kumunsi, kopanda matabwa, asapitirize kukumba. Koma ndinali ndi ngalande zina ku Limbe ndi m'tauni, zonse ndikuziyendera ndi miyendo, ndipo nditabwerera patatha masiku angapo ndinapeza anthu a Che Saidi akumba, bwana Kadzuwa atawauza kuti dothi likuoneka lolimba. Kunena zoona, ukaima pamwamba ngalandeyo inkaoneka yokongola, makoma owongoka bwino, ntchito ya Che Saidi yeniyeni. Anthu ataweruka ndinatsika kumtunda kuja, ndinaima pomwe matabwa athera, n'kuunika ndi tochi kumunsi. Mayo ine! Pansi pa khoma, paliponse pomwe mapaipi awiri adzakumane, anali atafukula kachipinda kolowa m'kati mwa khomalo, kokwana munthu kugona chammbali. Pamwamba ngalande yopapatiza, pansi yotakata, dothi lonse lili lende popanda choligwira, ndipo pamwamba pake aunjikapo mulu wa dothi lokumbidwa. Ndinakwera makwerero msangamsanga.

M'mawa ndinawadikira Che Saidi panjira.

"Che Saidi, tizipinda mwafukula pansi paja n'ta chiyani?"

"N'ta wolumikiza mapaipi, amayi. Pamwamba sitingakuze, nyumba zili pafupi. Ndiye tamupangira pogona kuti manja azitembenuka bwino."

"Anakuuzani ndani kuti mutero?"

"Aaa, amayi, ife manda timakumba chonchi kuyambira makolo athu. Timafukula kachipinda m'mbali kogonekamo malemu. Sikanatigwerepo."

"Manda mumakumba m'mawa, dzuwa likapendeka mwakwirira. Mumakumba padothi lomwe munthu sanaligwirepo, mizu ya mitengo italimanga. Apa ndi padzala, Che Saidi. Ngalande iyi ikhala yotsegula mpaka mvula, ndipo amene mukumugoneka m'kachipindamo ndi wamoyo."

Anavula chipewa. Kenako anati, "Ndamva, amayi. Koma ife ndife aganyu. Bwana akati lowani, ine n'kukana, mawa pali gulu lina pano. Anthu awa ndikawauza chiyani?"

Ndinayenda mpaka kuofesi. Bwana Kadzuwa anandipatsa mpando, anaitanitsa tiyi, anandimvetsera mpaka kumapeto. Atatero anati, "Mayi Matewere, mvula yaikulu ikatipeza ngalande ili yotsegula, madzi akokolola nyumba za anthu a ku Mbayani. Kodi chimenecho si chitetezo?" Ndinati ndi chitetezo ndithu, n'chifukwa chake agule matabwa kwa akalipentala a ku Mbayani komweko ndi a ku Ndirande, tizipinda tija titsekedwe ndi matumba a mchenga, mulu wa dothi usunthidwe, anthu alowe ntchito ithe. Iye anati matabwa a akalipentala ndi odula, ndipo kuwasonkhanitsa kudya masiku omwe alibe. "Masiku ochepa okha, mayi. Tiyale, tikwirire, tichoke." Ndinamuuza kuti dothi silidziwa kuti ndi masiku ochepa. Anamwetulira. "Mbali yanu mwanena, ndamva. Wolamula ntchito ndine. Mawa anthu alowa." Ndikutsegula chitseko anandiitananso. "Ana ali bwanji ku Nyambadwe? Nyumba ija anthu ambiri amaifunsatu. Imayendera udindo, ndipo udindo umayendera kumvana."

Ndinamva bwino lomwe, sindine mwana. Nditafika kunyumba ndinakupeza iwe Esinati m'chipinda chako ukulemba za kusukulu, unali Fomu 3 nthawi imeneyo, Yohane ali mumtengo wa mapeyala. Ndinakhala pakhonde ndi majombo omwe. Mantha ndinali nawo, wina asadzakuuzeni kuti ndinalibe. Ndinaganiza zokanena kwa oyendera ntchito a boma, koma nawonso galimoto yawo inali pamzere wa mafuta, pomwe angafike anthu akhala atagona kale m'tizipinda tija. Ndinaganiza zongodwala, ndikhale kunyumba masiku amenewo, zikachitika ndidzati ine ndinanena. Maganizo amenewo ndinawakana. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo nyumba ija sanandipatse chifukwa cha nkhope.

Kutangoyera ndinavala ovolosi ndi chisoti, ndinanyamula kampando ndi fulasiki ya tiyi, ulendo wa ku Mbayani. Ndinatsika makwerero n'kukhala pansi pa ngalande. Musaganize kuti ndinapenga n'kukakhala pansi pa dothi lija lili lende. Ndinakhala kumtunda, pakati pa matabwa omwe ndinawagogoda ndekha limodzilimodzi. Posakhalitsa ndinamva mapiki akulira panjira, kenako mitu inayamba kusuzumira. Mutu wa Che Saidi unabwera pomaliza.

"Amayi, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu, Che Saidi?"

"Mwatsika."

"Ndatsika."

Anatembenukira anthu ake. "Mwaona nokha. Lero kulibe." Ena anangokhala pansi, koma ena anakwiya zedi. Bambo wina anawerama pakamwa pa ngalande n'kukuwa, "Inu Mayi Tulukani, malipiro anu pakutha pa mwezi alipo! Ife tidya chiyani lero?" Mawu amenewo anandilasa chifukwa anali oona. Ndinamufunsa kuti akadya lero n'kukwiriridwa mawa, ana ake adzadya chiyani. Sanakhutire, analavula pambali n'kuchoka, ndipo sindimuimba mlandu.

Dzuwa litakwera, bwana Kadzuwa anafika atayenda wapansi, nsapato zili fumbi lokhalokha. Anaima pamwamba panga, anthu a pamsika atamuzungulira.

"Mayi Matewere, tulukani."

Okumba anaphulika kuseka, poti mawuwo anali anga. Ndinayankha kuti, "Ndili pantchito, bwana. Ndikuyendera ngalande."

"Mumaliza liti?"

"Matabwa akabwera."

Anandisiya n'kutembenukira kwa Che Saidi. "Zakumudzi zanuzo pano ayi. Mayiwa ali kumtunda, inu lowani kumunsi." Che Saidi anavula chipewa monga mwa nthawi zonse. "Ngalande ndi imodzi, bwana. Ine nditha kulowa, koma anthuwa sanditsatira. Mwambowu sindinauyambitse ndine."

Bwana anatuma kapitawo kuti akatole aganyu ena mu Mbayani momwemo, osadziwa za manda. Koma pofika nthawi imeneyo amayi a pamsika anali atandizolowera. Poyamba ankandiseka, "Amayi, mwakwatiwa komweko?" Wina ananditsitsira mandasi m'jumbo pachingwe. Aliyense wosuzumira ndinkamulozera kumunsi n'kumuuza za tizipinda tija, ndinalalikira tsiku limenelo kuposa abusa. Ndiye kapitawo atabwera ndi amuna ake, mayi wina wogulitsa makala anamugwira wake malaya. "Wanga salowa mmenemo! Mukafune wina wopanda mkazi." Anzake anamuthandiza kukuwa, ndipo aganyuwo anabalalika.

Nthawi yoweruka itakwana ndinatuluka, msana uli gwa. Che Saidi anandiperekeza pang'ono, maso ali kutsogolo ngati sitikuyendera limodzi.

"Bwana wati mawa tiyambe m'mamawa kwambiri, inu musanafike."

"Nanga mukundiuziranji, Che Saidi?"

"Ine sindinakuuzeni kanthu, amayi. Koma musachedwe."

Ndinayenda njira yonse ya ku Nyambadwe ndikuseka ndekha, misozi ili m'maso. Bambo ameneyo sakanatha kukana bwana ndi pakamwa pake, ndiye anandisiya ine ndimukanire ndi mwambo wake womwe. Mawa lake ndinalawira, ndipo mkuja wakenso. M'ngalande munali motentha, munkanunkha zinyalala zakale, ntchentche zinandidziwa dzina. Masana ena kunagwa kamvula, ndinatuluka msanga poti munthu wanzeru sakhala m'ngalande madzi akulowa. Ndinaima pamvulapo ndikuyang'ana khoma lakumunsi, ndipo ndikuuzeni zoona, mtima wanga unkafuna ligwe muli mopanda munthu kuti onse aone. Silinagwe. Linangoyoyoka pang'ono m'mphepete, basi.

Pomaliza bwana Kadzuwa anagonja, osati chifukwa chondimvera, koma chifukwa mitambo inkamuopsa kuposa mtengo wa matabwa. Anagula kwa akalipentala, anthu anawasenza pamutu ndi pa mawilibala. Anatchinga kuyambira kumtunda kutsikira kumunsi, akutseka tizipinda tija ndi matumba a mchenga, mulu wa dothi anausuntha. Ine ndinabwerera kukachitidwe kathu kakale, kutsika madzulo iwo ataweruka. Mapaipi anayalidwa, ngalande inakwiriridwa mvula yeniyeni isanayambe, ndipo aliyense amene anatsikamo anatuluka ndi miyendo yake.

Chigumula, kuyambira Disembala wa chaka chomwecho

Sanandichotse ntchito, anali ochenjera. Anandiitana kuofesi n'kundiuza kuti kampani yaona kuti ndatopa ndi kuyendayenda, ndiye andipatsa malo opumirako, kusitolo ya zipangizo ku Limbe. Udindo umenewo unalibe nyumba, ndipo ya ku Nyambadwe ndiituluke pakutha pa mwezi. Bwana Kadzuwa anandigwira chanza. "Mwaonatu, mayi, khoma lanu lija silinagwe." Ndinati eya, bwana, ndipo dzanja langa ndinalipukuta pachitenje iye akuona. Kuyendera ngalande anapatsa munthu wina wofatsa. Koma anaiwala kuti mapiki ndi mafosholo onse a kampani ankatulukira pakhomo la sitolo imeneyo. Kuyambira tsiku limenelo mpaka ndinapuma, kapitawo wofuna mapiki kwa ine ankandiuza kaye kuzama kwa ngalande yake, ndipo ikapitirira munthu ankanyamula ndi matabwa omwe, apo ayi akakumbe ndi zala. Anadandaula kwa mabwana mpaka anatopa. Bwana Kadzuwa anakwezedwa, anapita kwina, ndimamva kuti zake zikuyenda. Che Saidi anakalamba n'kubwerera kwawo.

Kuno ku Chigumula ndinapeza nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, madzi kukatunga pampopi, kuseri kadimba kokwana mizere ingapo ya chimanga. Ndi ino ndikulemberamo, ndipo mpaka lero si yanga. Ndikanakhala ku Nyambadwe zaka zinazo, bwenzi nditamanga yangayanga, zimenezo achibale sanama. Katundu tinasamutsa pa lole ya Msilamu wina wa ku Limbe yemwe dizilo ankaipeza kaya kuti. Yohane anakhala kutsogolo ndi dalaivala, akusangalala ngati tikupita kokacheza. Ine ndi iwe Esinati tinakhala kumbuyo pamatiresi, utafungatira mabuku ako. Tinachoka ku Nyambadwe, tinadutsa Limbe. Kenako unandifunsa osandiyang'ana.

"Amayi, kodi khoma lija linagwa?"

"Ayi."

"Ndiye kuti palibe amene akanafa?"

"Sindikudziwa."

"Nanga tikusamukiranji?"

Sindinakuyankhe. Iwe unatembenukira kumsewu, ndipo mpaka Khirisimasi unkangondiyankha kuti eya ndi ayi. Funso limenelo sunalibwerezenso, ngakhale pano uli ndi banja lako, koma ndimaliona m'maso mwako ukabwera n'kupeza denga likudontha. Ndiye ndikuyankhe lero. Ngati munthu akanafa kapena ayi, sindikudziwa mpaka pano, ndipo palibe amene adzadziwe. Ine sanandilembe ntchito yolosera. Anandilemba kuti funso limenelo lisayankhidwe ndi mtembo wa munthu. Unalira chipinda chako, anzako, sukulu yomwe unkafika ndi miyendo, ndipo unali ndi chifukwa cholirira. Ndinakulanda ndine, ndikudziwa, ndipo zinandipweteka kuposa momwe unaonera. Koma kupepesa sindipepesa, mwana wanga. Atandibwezera m'mawa uja lero lino, ndikudziwa zonse zomwe zinatsatira, ndikhoza kutsikanso, ndipo ulendo uno ndingalawire kwambiri.